Kodi ophunzira alembe mayina awo pa pepala la mafunso a zaumoyo?

Funso

Ndimaphunzitsa Biology ndi Life Skills pa CDSS ina ya kumudzi, ophunzira alipo pafupifupi 400. Chaka chatha atsikana angapo anangosiya kubwera osatsanzika, ndipo teremu yapitayi mnyamata wina wa Fomu 3 anayesa kudzipha, mwamwayi anamupulumutsa. Ahedi andipatsa ntchito yokonza mafunso oti tidziwe zimene zikuwadya anawa: njala, matenda, mowa, zibwenzi, nkhawa. Ndalemba kale mafunso 85 m'Chingerezi. Tagwirizana kuti aliyense alembe dzina pamwamba, kuti amene tamupeza ndi vuto timuitane tikambe naye. Kodi tikulondola? Nanga makolo tiwauze, kapena zingochitika ngati ntchito ya m'kalasi?

Yankho

Aphunzitsi, ndiyambe ndi dzinalo, poti zina zonse zatsamira pomwepo. Asalembe. Dzina ayi, nambala ya m'kaundula ayi, mudzi ayi, tsiku lobadwa ayi. Zaka, fomu, ndi kuti ndi mnyamata kapena mtsikana, basi.

Cholinga chanu ndachimva ndipo sindikuchinyoza. Koma taganizirani mtsikana wa Fomu 2 amene akukhala selofu, kudzikhalira yekha kutali ndi makolo, kuseri kwa msika, ndalama ya sopo ndi ndiwo amapatsidwa ndi bambo wina wa kabaza. Walemba dzina lake pamwamba. Wafika pa funso loti kodi munagonanapo ndi munthu chifukwa wakupatsani ndalama kapena katundu. Akudziwa kuti pepalali likathera mu ofesi ya aphunzitsi, mmene muli madamu amene amaimba kwaya imodzi ndi amayi ake. Achonga chiyani? Achonga "ayi", ndipo ine ndikanakhala iyeyo ndikanachonga chomwecho. Mudzatolera mapepala 400 a angelo okhaokha, osamwa, osasuta, osadziwa chibwenzi, ogona tulo tabwino. Ahedi adzaimirira pa msonkhano wa PTA n'kulengeza kuti pasukulu pano zinthu zili bwino, ndipo amayi a Mother Group amene akhala akudandaula adzauzidwa kuti manambala akuwatsutsa.

Mwaphatikiza ntchito ziwiri pa pepala limodzi. Ina ndi yowerengera: vutoli lakula bwanji, lili mu fomu iti, likugwira anyamata kapena atsikana. Ina ndi yopeza mwana weniweni amene akufunika thandizo lero. Yoyambayo imayenda pokhapokha mwana atakhulupirira kuti palibe amene adzadziwe yankho lake. Yachiwiriyo imafunadi dzina, koma dzina loperekedwa ndi mwini wake, kwa munthu amene iye wasankha. Zonse ziwiri zitha kuchitika tsiku limodzi, ndifika pamenepo.

Musaone ngati ndikukokomeza. Nkhaniyi imazunguza ngakhale ofufuza a ndalama zambiri. Kuyambira 2007, bungwe la Population Council linatsatira achinyamata a ku Balaka ndi Machinga kwa zaka zingapo, n'kumawafunsa mobwerezabwereza za sukulu ndi za moyo wawo. Mafunso ochititsa manyazi ankawamvera pa mahedifoni n'kumayankha okha pa kamakina, wofunsa osaona. Komabe anapezeka ambiri amene ulendo uno ankati anagonanapo, ulendo wotsatira n'kunena kuti sanayambe achitapo. Ngati ana ankasintha mawu pamaso pa makina osadziwa makolo awo, kuli bwanji pamaso pa inu amene mumawalembera lipoti la pa teremu?

Tsopano mafunso anu 85. Achuluka, ndipo panalibe chifukwa choti muvutike kuwapeka nokha onse. Kuyambira 2003, bungwe la WHO mothandizana ndi CDC, bungwe la zaumoyo la ku America, lakhala likuyendetsa kafukufuku wa ana a sukulu wotchedwa GSHS m'mayiko ambiri. Zambia inachita nawo mu 2004, Malawi mu 2009. Mafunso ake agawidwa m'mitu 10: mowa, fodya, mankhwala ozunguza bongo, kadyedwe, ukhondo, thanzi la m'maganizo, kulimbitsa thupi, zogonana, nkhanza ndi kuvulala, komanso zinthu zimene zimateteza mwana, monga kusamalidwa ndi makolo. Ali pa intaneti ndipo ndi aulere. Tengani pamenepo, chifukwa anayesedwa pa ana ambiri ndipo zopindika zake zinawongoledwa kale.

Pali nzeru ziwiri m'mafunso amenewo zimene ndikufuna muzione. Yoyamba, funso lililonse lili ndi malire a nthawi. Safunsa kuti "Kodi mumakhala ndi njala?" poti mwana wa sekondale aliyense amamva njala ikakwana 11 koloko. Amafunsa kuti m'masiku 30 apitawa, ndi kangati munakhala ndi njala chifukwa kunyumba kunalibe chakudya chokwanira, ndiye mwana amasankha pakati pa "sizinachitike", "mwa apo ndi apo", mpaka "nthawi zonse". Za nkhawa amafunsa kuti m'miyezi 12 yapitayi, ndi kangati munada nkhawa mpaka kulephera kugona usiku. Funso lotere mwana amaliyankha pokumbukira usiku weniweni, osati poganizira mtundu wa munthu amene iye akufuna kuoneka.

Nzeru yachiwiri ambiri saizindikira. Mapepala a GSHS alibe kuja koti "ngati mwayankha ayi, dumphani mupite pa funso 40". Aliyense amayankha mafunso onse, ndipo amene sanachitepo amachonga bokosi loti "sindinachitepo". Chifukwa chake n'chapafupi. Mukalola kudumpha, wosamwa ndi wosagonana amaliza m'mphindi 15, wotsalira akulembabe mpaka belu, kalasi yonse yamudziwa kuti ali ndi zambiri zoti aulule. Ana amadziwa zimenezi msanga kuposa ife, ndipo amayamba kuchonga "ayi" kuti angotuluka ndi anzawo.

Podula mafunso chitani izi. Pambali pa funso lililonse lembani chimene sukulu ingachite yankho likatuluka loipa. Ngati atsikana ambiri amajomba akakhala kumwezi, mutha kukonza zitseko za zimbudzi, kuika ndowa ya madzi, kupempha amayi aphunzitse kusoka mapadi. Funsolo likhale. Ngati pambali pa funso mwasowa cholemba, ndiye kuti ndi chidwi chabe, lichotseni. Mutsale ndi mafunso 40 kapena kuchepera, oti athe mu piriyodi imodzi. Onjezerani za kwanuko zimene pepala la mayiko onse silingazidziwe: mtunda umene amayenda, ngati akukhala selofu, kuthamangitsidwa chifukwa cha fizi, magazi mu mkodzo ngati muli kufupi ndi nyanja kapena madambo a likodzo, kuvutika kuona pa bolodi, kubetcha mpira pa foni, kuzunzidwa kwa a Fomu 1 ndi a makalasi akutsogolo. Ndipo musadzaze pepala ndi zoipa zokhazokha. Funsani ngati pali munthu wamkulu pasukulu pano amene angamuuze vuto lake, ngati amene amakhala nawo amamvetsa nkhawa zake, ngati akuona kuti adzamaliza Fomu 4. Nthawi zambiri mayankho a mafunso atatu amenewa ndiwo amandiuza za sukulu kuposa a mowa ndi fodya.

Nkhani ya chilankhulo ndiimapo pang'ono, chifukwa ndi pamene mafunso ambiri abwino amafera. Chingerezi chokhachokha ayi. Mwana wa Fomu 1 amene wangochoka ku pulayimale adzaona pepalalo ngati mayeso, ndipo adzafunafuna yankho lokhoza. Lembani m'Chichewa, kapena ikani zilankhulo zonse ziwiri moyandikana, ndipo ngati kwanuko ana amalota m'Chiyao, m'Chitumbuka kapena m'Chisena, pakhale munthu wowerenga mafunso m'chilankhulo chimenecho.

Koma kumasulira nakonso kuli ndi mbuna zake. GSHS imafunsa kuti muli ndi anzanu apamtima angati. Ndinaonapo pepala limene womasulira analemba kuti "Muli ndi abwenzi angati?" Atsikana anachonga ziro pafupifupi onse, anyamata ena anachonga atatu akumwetulira, ndipo lipoti likanatuluka lonena kuti atsikana a pasukulupo ndi osungulumwa koopsa. Mawu oti "kusamba" ndi mbuna ina: mukafunsa ngati pasukulu pali malo abwino pamene mukusamba, wina aganiza za bafa, wina za kumwezi. "Fodya" kwa mnyamata wina ndi ndudu, kwa wina ndi fodya wamkulu, ndiye chamba chitchuleni dzina lake. Mukati "mankhwala ozunguza bongo", mwana aganiza zija za m'mafilimu n'kuchonga ayi, chamba chili m'thumba. "Mowa" nawo tchulani mitundu yake, kachasu, masese, wa m'mabotolo ang'onoang'ono, ndipo nenani kuti thobwa sitikuliwerengera. Mukafunsa za "masewera olimbitsa thupi", mwana amene amayenda maola awiri kupita ndi kubwera, n'kukalima madzulo, adzachonga kuti sachita, inu n'kulemba kuti ana a kumudzi amangokhala. Mukafunsa za "makolo", mwasiya kunja woleredwa ndi agogo, azakhali kapena achemwali ake. Lembani kuti "amene mumakhala nawo".

Mawu awiri ovuta koposa ndi "nkhanza" ndi "kukhumudwa". Mwana amene anakwapulidwa ndi mphunzitsi, kapena kugwidwa bere ndi mnyamata pa mzere wa pa mjigo, kawirikawiri satchula zimenezo kuti nkhanza. Kwa iye ndi mmene moyo ulili. Funsani chochitikacho: kodi wina anakumenyani, anakugwirani malo obisika musakufuna, anakukakamizani kugonana. Ndi mmene anafunsira kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza kwa ana wa 2013, amene anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitidwa nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Akanangofunsa kuti "munachitidwapo nkhanza?" sakanapeza zimenezo. "Kukhumudwa" nako, m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, ndi zija zimachitika timu yako ikagonja kapena ukalakwa mayeso. Matenda amene achipatala amawatchula kuti okhumudwa ndi chinthu china, cholemera ndi chokhalitsa. Choncho funsani zizindikiro zake m'mawu amene ana amalankhula: kuganiza kwambiri, kusowa tulo, kusafuna kudya, kusasangalala ndi zimene kale zinkakusangalatsani, kudziona wachabechabe. Pali mafunso 9 otchedwa PHQ-9 amene anamasuliridwa kale m'Chichewa ndipo amagwiritsidwa ntchito m'zipatala zina. Namwino wa matenda a m'maganizo ku chipatala cha boma lanu ndiye woyenera kumufunsa za iwo. Kumbukirani kuti mafunsowa amangosonyeza amene akufunika kuonedwa, sapereka dzina la matenda.

Mukamaliza, yesani pepalalo pa ana 8 kapena 10 a sukulu ina yoyandikana nayo. Musawafunse mayankho awo. Afunseni kuti, funso ili mwalimva kuti likufunsa chiyani? Mudzaseka, kenako mudzakonza. Ine ndimalemba mafunso ndi "inu", osati "iwe". Mnyamata wa Fomu 4 wa ndevu zake akamatchulidwa kuti iwe amamva ngati ali mu ofesi ya ahedi.

Tsiku lenilenilo, inuyo ndi aphunzitsi anzanu musakhalemo m'chipindamo, ngakhale pa windo. Zimawawa, ndikudziwa, poti ntchito yonse mwagwira ndinu. Pemphani namwino kapena alangizi a zaumoyo ochokera dera lina, kapena ophunzira a ku koleji amene sadziwika kumeneko. Mlangizi wa m'mudzi momwemo amene amapima ana a achemwali awo ku sikelo si mlendo. Ngati ana amakhala atatu pa desiki, musachitire m'kalasi. Atulutseni pabwalo atalikirane, aliyense atsamiritse pa kope lake, anyamata kwina atsikana kwina. Mapensulo akhale ofanana, ndipo pepala lonse likhale lochonga lokhalokha, popanda mpata wolemba chiganizo. Inu mumadziwa kalembedwe ka mwana aliyense wa m'kalasi mwanu, ndipo iwo akudziwa kuti mumakadziwa. Womaliza apinde pepala lake aponye yekha m'katoni yomata, ya kabowo pamwamba, imene ikatsegulidwe kutali ndi sukulu. Wofuna kusiya funso alisiye, wosafuna kuyankha konse aponye pepala lopanda kanthu, osafunsidwa chifukwa.

Wina adzakuuzani kuti mungotumiza mafunsowo pa WhatsApp. Kanani. Ana a mafoni ndi ana a m'mabanja opezako, ndipo foni imene ambiri amati ndi yawo ndi ya alamu awo.

Tsopano ntchito yachiwiri ija, yopeza mwana wofunika thandizo. Konzani kapepala kena kakang'ono ndi katoni ina yapadera. Pa kapepalapo palembedwe kuti: ngati mukufuna kulankhula ndi munthu za vuto lililonse, lembani dzina lanu ndipo chongani amene mukumufuna. Pansi pakhale anthu atatu kapena anayi: namwino, mayi wa Mother Group, mphunzitsi wamkazi, mphunzitsi wamwamuna. Chinsinsi chake chili apa: aliyense, wofuna ndi wosafuna, apinde kapepalako n'kuponya. Wosafuna alembe mawu oti "zikomo" kuti pensulo ya aliyense ioneke ikuyenda. Mukatero palibe amene waonekera. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti chitsekocho chilipo ndipo sichilira potsegula. Katoni yachiwiriyi itsegulidwe tsiku lomwelo, osati Lolemba, ndipo dzina lililonse lifikiridwe mwakachetechete sabata isanathe. Musaitane mayina pa asembule.

Musanagawe pepala ngakhale limodzi, dziwani kumene mudzatumize mwana wotero. Kambiranani ndi chipatala cha pafupi, makamaka amene amaona za achinyamata. Dziwani wa zachitetezo cha ana wa ku ofesi ya Social Welfare m'dera lanu, ndi a Victim Support Unit ku polisi. Aliyense apite kunyumba ndi kapepala kolembedwa 116, nambala yaulere ya Tithandizane imene a YONECO amayendetsa. Auzeninso anawo poyamba pomwe, mosabisa, kuti pepala lalikulu palibe adzalidziwe mwini wake, koma amene wabwera yekha n'kuulula kuti akuchitidwa nkhanza kapena akufuna kudzivulaza, nkhani yake idzafika kwa anthu oti amuteteze. Lonjezo la chinsinsi limene mudzaliphwanye mawa musalipereke lero. Ndipo konzekerani mtima: mwina wotchulidwa adzakhala mphunzitsi mnzanu. Gwirizanani ndi ahedi ndi a komiti chimene mudzachite zikatero, dzina lisanatuluke, chifukwa likatuluka aliyense amayamba kuona nkhope ya mnzake osati mwana.

Funso la kudzipha ena adzakuletsani, ati mukuwapatsa ana maganizo. Zimenezi zinayesedwa. Mu 2005 ofufuza a ku New York anafalitsa zotsatira za ophunzira a sekondale oposa 2,000 amene anawagawa pawiri, ena anafunsidwa za kudzipha, ena ayi. Ofunsidwawo sanavutike maganizo kuposa anzawo, ndipo sanayambe kuganiza zodzipha kuposa anzawo. Funsani, koma pokhapokha katoni yachiwiri ndi namwino zili m'malo. Dziwaninso kuti kwa zaka zambiri malamulo athu akhala akuona kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo ana amamva nkhani za anthu otengeredwa ku polisi. Ichi ndi chifukwa chinanso choti dzina lisakhalepo.

Makolo auzeni. Izi si ntchito ya m'kalasi, ndipo kuzibisa m'dzina la Life Skills ndi kudziputira moto. Kuyambira pamene malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho ambiri a Fomu 1 mpaka 3 amafunika chilolezo cha owalera, kuwonjezera pa kuvomera kwawo eni. Itanani msonkhano wa PTA, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti akhalepo. Werengani mafunso enieniwo mokweza, a zogonana omwe, osawazembaitsa. Kholo lomva funso kuchokera kwa inu limang'ung'udza n'kuvomera. Kholo lomva kwa mwana wake madzulo, litapotozedwa kale, limabwera m'mawa ndi anzake. Tonse tikukumbuka za 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ndi kuimitsa ntchito za mabungwe. Alendo ofika pasukulu ndi makatoni omata, makolo osadziwa, ndi nkhuni zouma. Wokana kuti mwana wake asayankhe, mulemekezeni, ndipo mwanayo asachititsidwe manyazi.

Ofesi ya maphunziro ya chigawo chanu idziwitseni mwa kalata. Ngati zotsatira zidzangogwira ntchito pasukulu panu, ndi nkhani ya inu, makolo ndi akuluakulu anu a maphunziro. Koma ngati mukufuna kudzazisindikiza, kuzipereka ku bungwe, kapena kulembera digiri yanu, ndiye kuti ndi kafukufuku weniweni, ndipo ayenera kuvomerezedwa musanayambe ndi komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa: NCRSH ya ku National Commission for Science and Technology, NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, kapena komiti ya yunivesite yanu. Chilolezo chimenechi sichipemphedwa mapepala atadzazidwa kale.

Zoyeza m'thupi, monga sikelo, msinkhu ndi maso, zimafunadi mayina. Zichitike tsiku lina, ndi anthu a chipatala, m'kaundula wina. Kuyeza mimba mokakamiza kusayandikire n'komwe ntchito imeneyi. Mukachita kamodzi, palibe mtsikana adzakuuzeninso zoona.

Pali gulu limene pepala lanu silidzalipeza, ndipo ndi lomwe linakuyambitsani ntchitoyi: atsikana aja anasiya kubwera. Kafukufuku wa pasukulu amafunsa opezeka pasukulu. Wodwala malungo, wothamangitsidwa fizi, wa kumwezi wopanda padi, woyembekezera, onsewa tsikulo desiki yawo ili yokha. Kafukufuku wa m'makomo wa 2015 mpaka 2016, uja wa National Statistical Office ya ku Zomba, anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Inu mukadzapeza awiri kapena atatu okha, musadzaombe m'manja. Enawo anachoka musanafunse. Choncho lembani chiwerengero cha ojomba tsikulo mu fomu iliyonse, ndipo alendo anu abwerenso patapita masiku angapo kudzafunsa otsalawo. Za osiyiratu sukulu, njira si pepala. Amayi a Mother Group awayendere kwawo, akacheze nawo, akawakumbutsenso kuti wobereka ali ndi ufulu wobwerera ku sukulu.

Nyengo nayo imasintha mayankho. Funso la njala mu Febuluwale ndi funso lomwelo mu Meyi, chimanga chili m'nkhokwe, ndi mafunso awiri osiyana. Nkhawa za a Fomu 4 pafupi ndi MSCE si nkhawa zawo za chaka chonse. Ine ndikanasankha pakati pa teremu yachiwiri, nthawi imene zinthu zathina, ndipo mu lipoti ndikanalemba mwezi wake poyera.

Poti ana ndi 400 okha, funsani onse, musavutike ndi zosankha. Koma samalani pogawa manambala. Ana 100 osankhidwa mwamaere m'gulu lalikulu amapereka peresenti imene ikhoza kuphonya ndi 10 uku kapena uku, ndipo gulu likamachepa kuphonyako kumakula. Ndiye mukaona kuti Fomu 2 yaposa Fomu 3 ndi ana atatu, musamange nkhani pamenepo. Choopsa kwambiri ndi timagulu tating'ono. Tiyerekeze kuti Fomu 4 ili ndi atsikana 9, inu n'kulengeza kuti awiri mwa iwo anagonanapo chifukwa cha ndalama. Mwawatchula mayina popanda kuwatchula, pofika madzulo msika wonse wawadziwa, mwinanso wanamizira osalakwa. Lamulo langa ndi loti gulu losakwana ana 10 sindilionetsa palokha, ndimaliphatikiza ndi lina. Mapepala akalowetsedwa mu kompyuta, asungidwe motsekera kwa kanthawi, kenako awotchedwe, ana akudziwa kuti awotchedwa.

Zotsatira zikatuluka, oyamba kuzimva akhale anawo, asanamve a PTA. Afunseni kuti manambalawa akutanthauza chiyani. Inu mudzaona kuti ambiri sadya m'mawa n'kuganiza za umphawi, iwo adzakuuzani kuti ena amanyamuka 5 koloko moto usanakolezedwe. Sankhani nawo zinthu ziwiri zoti zisinthe teremu yomweyo, zooneka ndi maso.

Pomaliza pa za pepalali, lisungeni mmene lilili, musadzasinthe mawu ake. Ku New Zealand, ofufuza a ku University of Auckland anafunsa ophunzira a sekondale pafupifupi 10,000 mu 2001, aliyense pa kompyuta yake, mafunso akuwamvera pa mahedifoni. Anabwereza mu 2007, 2012 ndi 2019. Kubwerezako ndiko kunaonetsa kuti kusuta ndi kuledzera kunatsika kwambiri pakati pa ana a sukulu, pamene ana a zizindikiro za matenda okhumudwa anakwera kuchoka pa 13 kufika pa 23 mwa 100 pakati pa 2012 ndi 2019. Ulendo umodzi sukanaonetsa zimenezo. Inu makompyuta mulibe, koma katoni ndi mapensulo zidzapezeka mu Febuluwale wa zaka ziwiri zikubwerazi.

Mnyamata wa Fomu 3 uja asadikire zonsezi. Ngati sanaonanebe ndi namwino wa matenda a m'maganizo kuchokera pamene anatuluka m'chipatala, mupite naye sabata ino pamodzi ndi womulera, ndipo pasukulu pakhale munthu mmodzi amene iye mwini wamusankha woti azicheza naye. Musauze ana kuti mafunsowa abwera chifukwa cha iye, ndipo ahedi asatchule nkhani yake pa msonkhano wa makolo. Tsiku lisanafike, mukambe naye payekha, mumuuze kuti m'pepalamo muli funso la zodzipha, ndipo asankhe yekha ngati akufuna kukhalapo.